Mmene mungayerekezere kiyibodi yatsopano ya workstation ndi yakale ya banja lomwelo

Kampani ikatulutsa kiyibodi yatsopano, kabuku kotsatsa malonda kamadzaza ndi zimene awonjezera. Zimene achotsa salemba. Choncho ntchito yaikulu poyerekeza yatsopano ndi yakale ndi kusaka zochotsedwazo, komanso kuona ngati mawu ndi nyimbo zimene munakonza mu yakale zingasamuke n'kukafika mu yatsopano zili zamphumphu. Workstation ndi kiyibodi imene ili ndi zonse m'bokosi limodzi: mawu a zida zambirimbiri, ma effect, sequencer yojambulira nyimbo, ndipo kawirikawiri sampler, yojambula phokoso n'kulisandutsa sampulo yoti muziliza ndi makiyi. Mtundu umenewu unatchuka ndi Korg M1 ya 1988, imene inkaliza manotsi 16 okha nthawi imodzi ndipo sequencer yake inali ya matiraki 8. Pa zinthu zinayi zimenezi, china chikhoza kupita patsogolo mu kiyibodi yatsopano pamene china chabwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake chilichonse chiyesedwe pachokha.

Yambani ndi kudziwa kuti ndi mwana kapena mng'ono

Si kiyibodi iliyonse yotuluka pambuyo imene yalowa m'malo mwa yanuyo. Ina imakhala mng'ono chabe, yopepuka, yochotsedwa zina kuti itchipe. Kwa Yamaha mzere waukulu ndi Motif ya 2001, Motif ES ya 2003, XS ya 2007, XF ya 2010, Montage ya 2016 ndi Montage M ya 2023. MODX ya 2018 ndi MODX+ ya 2022 ndi ang'ono ake a Montage. Kwa Roland, Fantom-X ya 2004 inatsatidwa ndi Fantom-G mu 2008 kenako Fantom ya 2019, pamene FA ya 2014 ndi Fantom-0 ya 2022 ndi za mzere wopepuka. Korg ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Nautilus ya 2020 ili ndi mainjini a mawu asanu ndi anayi ngati Kronos ya 2011, koma ilibe KARMA (yodzipangira yokha kayimbidwe kotsagana ndi zimene mukuliza), ilibe ma slider aja a kumanzere, ndipo aftertouch, yosintha mawu mukakanikiza kiyi mutailiza kale, inabwera mochedwa pa Nautilus AT mu 2023. Wochoka pa Kronos kupita pa Nautilus wagula chatsopano ndithu, koma pa zimene manja ake angagwire watsika.

Ngakhale mumzere waukulu zotayika zimakhalapo. Motif XS ndi XF zinali ndi sequencer yathunthu komanso zinkatha kujambula phokoso lakunja n'kulisandutsa sampulo momwemo. Montage itatuluka inali ndi chojambulira chosavuta chabe, pattern sequencer inadzalowa mu 2019 kudzera mu OS 3.0 (OS ndi pulogalamu yoyendetsa kiyibodiyo), ndipo masampulo amakonzedwa kwina n'kulowetsedwa ngati mafayilo. A Yamaha eni ake samaitchula n'komwe kuti workstation, amati synthesizer.

Musanagwire kiyi iliyonse, tengani pepala mulembe zimene mumachitadi pa kiyibodi yanu yakale: mawu khumi amene mumaliza kwambiri, nyimbo zitatu zolemera kwambiri pa kusanjikiza mawu, mabowo akumbuyo amene muli zingwe panopa, ndi mabatani amene dzanja lanu limafika osayang'ana. Mayeso onse otsatirawa achitike pa zinthu za papepalazo. Mawu a demo amene kampani imaika pa nambala zoyambirira amakonzedwa kuti akope munthu m'masekondi ochepa, ndipo mwina simudzawalizanso.

Kenako sungani zonse za mu yakale pa flash, makope awiri. Flash yoti mugwiritse ntchito pa yatsopano muifomate m'kiyibodi momwemo. Onaninso nambala ya OS pa zonse ziwiri n'kuika yaposachedwa, chifukwa zinthu zambiri zimene anthu amati yakale ilibe zinadzabwera ndi OS yapambuyo. Poika OS magetsi asaduke mpaka sikirini itanena kuti yamaliza.

Kumvetsera mwachilungamo

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Khutu la munthu limati chokwera ndiye chokoma. Kiyibodi imodzi ikangokwera ndi 1 dB kuposa inzake, imamveka ngati ili ndi besi yochuluka komanso mawu owala, chonsecho kusiyana kwake ndi voliyumu basi. Makiyibodi atsopano amakondanso kubwera ndi reverb yambiri ndi compressor yoyatsidwa kale kumapeto.

Lumikizani zonse ziwiri ku mikisa imodzi kapena ku audio interface imodzi, ndi zingwe za mtundu umodzi, L ndi R zonse. Mukalumikiza L/MONO yokha pa imodzi, piyano yake imamveka yowonda chifukwa mbali ziwiri za sampulo ya stereo zikaphatikizidwa zina zimafafanizana. EQ ya pa mikisa ikhale pakati. Mvetserani ndi mahedifoni amodzi kapena masipika amodzi kuchokera pa mikisapo, osati pa bowo la hedifoni la kiyibodi iliyonse, poti timaamplifaya ta m'menemo timasiyana mphamvu ndipo mungapezeke mukuweruza amplifaya m'malo mwa mawu.

Jambulani mphindi imodzi mukuliza nokha, mu MIDI (mauthenga a makiyi amene mwadina, osati phokoso lenilenilo), pa kompyuta. Mukhale malo ofewa kwambiri, makodi (manotsi angapo oliza pamodzi) amphamvu, manotsi apansi aatali ndi kuthamanga kumtunda. Fayilo imodzimodziyo muitumize ku kiyibodi yakale, mujambule phokoso lake, kenako ku yatsopano. Chitani kawiri: koyamba mawu ali mmene anabwerera, kachiwiri mutazimitsa reverb, chorus ndi master effect. Ulendo wachiwiriwu ndi umene umaulula sampulo yeniyeni. Mukajambula, linganizani voliyumu ya mafayilo awiriwo poyang'ana mita ya avareji monga LUFS kapena RMS, osati nsonga zokha, mpaka kusiyana kusapitirire theka la dB. Pemphani mnzanu awatche A ndi B osakuuzani, ndiye mumvetsere.

Pali msampha umodzi pa Montage ndi MODX. Performance imodzi, ndiye kuti mawu amene mwasankha kuti mulize, imatha kukhala ndi ma Part (zigawo) angapo, ndipo piyano ya CFX Concert yokha imatenga anayi. MIDI I/O Mode ikakhala pa Multi, uthenga wobwera pa tchanelo 1 umaliza Part 1 yokha, piyano n'kumamveka yoperewera, manotsi ena osatuluka n'komwe. Sinthani ikhale pa Single mu Utility musanaweruze.

Zomvetsera ndi izi. Pa piyano, gwirani notsi imodzi yapansi mpaka izilale yokha. Sampulo yaifupi imafika pamene phokoso limayamba kuzungulira pamodzimodzi, ngati lauma, ndipo makiyibodi akale okhala ndi malo ochepa osungira ndi amene amachita izi msanga. Motif XS inali ndi 355 MB za masampulo, XF 741 MB, Montage 5.67 GB, ndipo kusiyanaku kumamvekera kumchira kwa notsi kuposa kumutu. Kenako lizani notsi imodzi mobwereza, kuyambira pang'onopang'ono mpaka mwamphamvu, mumve ngati pali pamene mawu akudumpha mwadzidzidzi kuchoka pa ofewa kufika pa akuthwa. Kudumphako ndi malire a masampulo awiri. Pa limba yesani rotary, yotsanzira sipika yozungulira, kuchoka pa kuzungulira pang'onopang'ono kupita pa liwiro. Pa ma strings ndi brass lizani manotsi olumikizana.

Musadabwe mukapeza kuti piyano yakale, ngakhale ndi yowonda mukailiza yokha, imapyoza bwino pakati pa ng'oma, besi ndi gitala kuposa yatsopano yonenepa. Choncho bwerezani mayesowa mutaika nyimbo ya gulu lonse pansi pake.

Polyphony: nambala ya m'kabuku si ya makiyi

Polyphony ndi kuchuluka kwa mawu amene injini ingatulutse nthawi imodzi. Sawerengera zala zanu. Amawerengera tizigawo ta mawu timene tikulira, timene Yamaha imati ma Element, Korg ma oscillator, Roland ma Partial. Tiyerekeze pa Motif XF, ya polyphony ya 128, pamene sampulo ya stereo imadya awiri. Mwasanjikiza piyano ya tizigawo tiwiri ta stereo, ndiye 4. Ma strings a tizigawo tiwiri ta stereo, 4 enanso. Pad ya tizigawo tiwiri ta mono, 2. Kiyi imodzi yadya 10, kutanthauza kuti makiyi 12 okha ndi amene angalire pamodzi. Mukaponda pedulo n'kuliza makodi awiri a manotsi asanu ndi limodzi, mwafika kale pamalire, ng'oma zisanalowe.

Tsono poyerekeza, werengani timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa nambala. Montage ili ndi 128 ya AWM2, injini ya masampulo, mmene sampulo ya stereo imawerengedwa kamodzi, ndi 128 ina yapadera ya FM-X, injini yopanga mawu popanda masampulo. MODX yoyamba inali ndi 64 pa FM-X, MODX+ anaikweza kufika 128. Montage M amailemba kuti 400, koma ndi kuphatikiza: 256 ya AWM2, 128 ya FM-X ndi 16 ya AN-X (injini yotsanzira ma synthesizer akale), ndipo 256 ija ndi yogawa pakati, 128 ya masampulo obwera ndi kiyibodi ndi 128 ya masampulo olowetsa nokha. Ngati mawu anu onse ndi a AWM2 ya m'kati, malire anu akadali 128. Pa Kronos ndi Nautilus injini iliyonse ili ndi nambala yake, HD-1 mpaka 140, STR-1 mpaka 40, koma zonse zimagawana purosesa imodzi, kotero mukaziphatikiza mu Combi imodzi (kusanjikiza kwa mawu angapo pa Korg) palibe imene imafika pa nambala yakeyo.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Konzani kusanjikiza kofanana pa makiyibodi onse awiri, kwa nyimbo yanu yolemera kwambiri ija. Yatsani ng'oma kapena arpeggiator (yoliza yokha manotsi a kodi motsatizana) ngati mumaigwiritsa ntchito. Pondani pedulo osaitula, lizani makodi otsatizana, muwerenge kuti ndi pa kodi yachingati pamene pad yayamba kuduka. Mvetserani kwambiri michira ya manotsi oyamba, chifukwa ndi imene injini imayamba kudula kuti ipezere malo atsopano. Kiyibodi ina imadula mosamveka, ina imachita kuti phwa pakati pa nyimbo. Kusiyana kumeneko simungakupeze m'kabuku.

Makiyi ndi pedulo

Mayeso a fayilo ya MIDI aja anali a injini yokha. Tsopano siyanitsani makiyi ndi injini: lumikizani MIDI OUT ya yakale ku MIDI IN ya yatsopano, mulize mawu atsopano ndi makiyi akale, kenako mutembenuze. Nthawi zambiri munthu amati piyano yatsopano ndi yakuthwa kwambiri, pamene vuto ndi loti makiyi atsopano akutumiza velocity (nambala ya mphamvu ya kamenyedwe ka kiyi) yokwera pa kakhudzidwe komweko.

Tsegulani pulogalamu yoonetsa mauthenga a MIDI pa kompyuta. Velocity imayambira pa 1 kufika 127. Onani ngati mungathe kutulutsa nambala zosapitirira 20 mwadala, mobwereza, komanso ngati 127 ikufikika popanda kumenya ngati mukukhoma msomali. Yesani makiyi akuda padera, ndi mkati mwenimweni mwa kiyi pafupi ndi pamene imapindikira, poti makiyi aafupi amauma pamenepo. Ngati sizikugwirizana ndi dzanja lanu, sinthani velocity curve musanaitaye kiyibodiyo.

Dzina la makiyi lili m'kabuku ndipo ndi lofunika. Montage 8 ili ndi Balanced Hammer, yolemera mofanana kuyambira pansi mpaka kumtunda, pamene MODX8 ili ndi GHS, yolemera kumanotsi apansi ngati piyano yeniyeni. Kronos ya makiyi 73 ndi 88 ili ndi RH3, Fantom 8 ili ndi PHA-50. Aftertouch, ija yoti mukakanikiza kiyi mutailiza kale mawu amasintha, ilibe pa MODX ndi Fantom-0. Pa Montage M, M8x yokha ndi imene ili ndi ya polyphonic, yosintha notsi iliyonse payokha. M6 ndi M7 zili ndi ya tchanelo, yosintha manotsi onse pamodzi. Ngati mawu anu akale amadalira aftertouch pa vibrato, pa kiyibodi yopanda aftertouch adzalira ndithu koma ouma, ndipo mudzafunika kusamutsira ntchitoyo pa wilo kapena pa pedulo.

Yakaleyo ichitiridwenso chilungamo. Kiyi imodzi imene imangolira mokweza pa 127 kapena kukhala chete nthawi zina ndi chizindikiro cha fumbi kapena kutha kwa timalabala ta pansi pa makiyi. Zimenezo zimapukutidwa kapena kusinthidwa, si chifukwa chogulira kiyibodi ina.

Pedulo ya sustain imasiyana polarity malinga ndi kampani. Ikamagwira mawu musanaiponde n'kuwasiya mukaponda, sinthani polarity mu Global kapena Utility, ndipo muilumikize kiyibodi isanayatsidwe. Kuponda theka kumafuna pedulo yakeyake, monga FC3A ya Yamaha, DS-1H ya Korg kapena DP-10 ya Roland.

Kusamutsa katundu

Gawo ili ndi limene limadya masiku. Mawu oti kiyibodi yatsopano imawerenga mafayilo a yakale amakhala oona, koma kuwerenga ndi kwina, kulira mofanana ndi kwinanso. Montage imawerenga ma Voice (mawu) a Motif XS ndi XF, Montage M imawerenga mafayilo a Montage ndi MODX. Kubwerera m'mbuyo sikutheka: chimene mwasunga mu yatsopano yakale siichidziwa. Ndiye kope loyambirira lija musalikhudze.

Lowetsani mawu khumi a papepala aja, lililonse muliyerekeze ndi mmene likumvekera pa yakale. Zolakwika zimachokera malo atatu. Poyamba ndi ma effect: yatsopano ikasowa mtundu umene unalipo kale, imaika wofanana nawo pang'ono kapena kusiya opanda. Chachiwiri ndi zogwira ndi manja. Chimene chinali pa slider yachitatu kapena pa KARMA chilibe kokhala ngati kiyibodi yatsopano ilibe zimenezo. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, ndi maadiresi. Combi ya Korg siisunga mawu enieniwo, imangosunga kuti gawo lake ili lilize Program (mawu amodzi) ya mu banki yakuti, nambala yakuti. Mukalowetsa fayilo ya PCG, yosunga ma Program ndi ma Combi, n'kuika ma Program mu banki ina, Combi imalozabe pamalo akale, ndiye pamene panali piyano pamatuluka chitoliro. Lowetsani PCG yonse pamodzi, ndi fayilo ya KSC ngati muli masampulo anu, ndi SNG ya nyimbo. Performance ya Motif inkalozanso ku ma Voice chimodzimodzi, pamene ya Montage imasunga Part iliyonse mkati mwake. Scene ya Fantom imaloza ku ma Tone.

Nyimbo za mu sequencer kapena pa kompyuta zimasankha mawu ndi mauthenga atatu: Bank Select MSB pa CC 0, LSB pa CC 32, ndi Program Change. Manambala amenewa kawirikawiri amasintha pakati pa mibadwo, choncho tsegulani nyimbo imodzi muone tiraki iliyonse ngati yapeza mawu ake. Ng'oma zimafuna khutu lapadera chifukwa kasanjidwe kake pa makiyi kamatha kusiyana.

Werenganinso malo a masampulo anu. Motif XF inkalandira ma flash board ofika 2 GB, Montage ili ndi 1.75 GB, MODX 1 GB, MODX+ 1.75 GB, Montage M 3.7 GB. Amene anadzaza XF yake akhoza kupeza kuti zina zatsala panja.

Zimene zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku loimba

Gwirani kodi imodzi ndi pedulo, musinthe mawu. Makiyibodi ambiri akale ankadula phokoso pomwepo. Kronos inabweretsa Smooth Sound Transitions, Yamaha ili ndi Seamless Sound Switching, koma ili ndi malire: pa Montage imagwira pa Performance ya ma Part osapitirira 8, pa MODX osapitirira 4. Yesani pa mawu anu olemera, osati pa piyano yokha. Werenganinso kuti mukudina kangati kuti mugawe kiyibodi pakati, mutsitse tiranzipozi, kapena muzimitse mawu amodzi pakati pa nyimbo. Chimene chinali batani pa yakale chikalowa mu menyu ya pa sikirini, pa siteji chimakhala ngati palibe.

Pa sequencer, jambulani mabala 16 pa zonse ziwiri, mukonze notsi imodzi yolakwika, mukope vesi kukhala yachiwiri. Fantom-G inali yojambula nyimbo molunjika kuyambira poyamba mpaka kumapeto, pamene Fantom ya 2019 imamanga nyimbo ndi timapatani tolumikiza. Kronos ili ndi matiraki 16 a MIDI ndi 16 a audio. Palibe njira yolakwika, koma wozolowera ina amavutika ndi inayo kwa miyezi.

Tembenuzani makiyibodi onse muyang'ane kumbuyo, pepala lanu lili m'manja. Montage ili ndi mabowo otulutsira mawu a balanced ndi awiri owonjezera otumizira click, kugunda kosunga liwiro la nyimbo, kwa woimba ng'oma yekha. MODX ili ndi L ndi R basi, a unbalanced, ndipo magetsi ake amadzera pa adaputala yakunja. Motif XF inkafuna khadi ya FW16E kuti itumize matiraki ambiri ku kompyuta pa FireWire, bowo limene makompyuta a masiku ano alibe. Apa yatsopano imapambana poyera: Montage imatumiza matchanelo 32 pa USB pa 44.1 kHz, MODX 10, pamene Kronos imatumiza awiri okha.

Tengani wotchi muwerenge masekondi kuyambira podina switchi mpaka pamene notsi yoyamba ingalire. Kronos ya 2011 ija imatenga pafupifupi mphindi ziwiri chifukwa imayamba yakoka masampulo kuchokera mu SSD, ndipo magetsi akathima pakati pa nyimbo mphindi ziwirizo zimatalika. Ilinso ndi fani m'kati, choncho imvetsereni m'chipinda chachete ngati mumajambula ndi maikolofoni pafupi. Kulemera nakonso kulembedwe: Montage 8 ndi 29 kg, MODX8 ndi 13.8 kg. Yezani kutalika ndi kuya kwake musanaganize kuti chikwama ndi sitandi ya yakale zikwanira.

Pomaliza bwererani ku pepala lija, pa chinthu chilichonse mulembe chimodzi mwa zitatu: chakoma kuposa kale, chili chimodzimodzi, kapena chasowa. Pa chosowa chilichonse lembani njira yozembera ndi mtengo wake, kaya ndi kompyuta yowonjezera, kontirola ya ma slider kapena maola okonzanso mawu. Zatsopano zimene sizinali papepala muzilembe kumunsi, pokhapokha ngati mungatchule nyimbo imene mudzazigwiritsire ntchito. Yakale isagulitsidwe mpaka mutaimba pulogalamu yanu yonse pa yatsopano, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, popanda kugwira yakaleyo, chifukwa mafayilo ena, makamaka a sequencer ndi masampulo, amatseguka ndi kusinthidwa kukhala MIDI kapena WAV m'makina amene anawapanga okha.